Tikanavota za msonkho wa mowa, ukanaluma ndani?

Awerengi anga, sabata ino ndati tikambepo za mowa, koma osati monga akambira abusa pa guwa kapena anamwino ku chipatala. Ndikufuna tikambe za mtengo wake, ndiponso za amene ali ndi mphamvu youkweza. Mau amene akumveka kawirikawiri pa wailesi, makamaka kwa amai oimba lamya kuchokera ku Moatize ndi ku Zóbuè, ndi akuti mowa watchipa kwambiri, ana akutha, tsono boma lingoukwezera msonkho basi. Ena afika ponena kuti ngati akuluakulu a ku Maputo akuzengereza, atipatse mabokosi tivote tokha.

Maganizo amenewa si amisala ai. Kuli maiko kumene anthu wamba amachitadi zimenezi. Ku California, m'dziko la America, munthu akhoza kulemba lamulo lake, n'kuyenda nalo m'misika ndi m'makomo kusainitsa anzake, ndipo maina akakwana chiwerengero chimene chifunika, lamulolo limaikidwa pa pepala la voti. M'chaka cha 1990 anthu a kumeneko anachita chomwecho ndi mowa. Anapempha kuti pa tambula iliyonse pakwere masenti asanu, ndalama zake zipite ku zipatala zolandira anthu ovulala pa ngozi, kwa apolisi ndi ku ntchito zothandiza zidakwa. Makampani ofulula mowa anataya mamiliyoni ambiri a madola kulimbana nazo pa wailesi ndi pa kanema, ndipo tsiku la voti mu Novembala anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse anakana. Chodabwitsa n'chakuti chaka chotsatira, 1991, aphungu a ku California komweko anakweza okha msonkho wa mowa popanda kufunsa munthu.

Mu mzinda wa Anchorage, ku Alaska, zinayenda mwina. Kumeneko funso linabwera ndi makhansala a mzinda. Anthu anakana mu 2019, koma mu Epulo 2020 anavomera msonkho wa 5 pa 100 alionse, atalonjezedwa polemba kuti ndalamazo zidzapita ku chitetezo, ku nkhondo yolimbana ndi nkhanza za m'banja ndi kuzunza ana, ndi ku chithandizo cha anthu amene mowa unawagwira. Onani tsono kuti ngakhale kumene anthu ali ndi bokosi m'manja mwao, savomera msonkho mwachisawawa. Amayamba afunsa kumene ndalamayo idzagone.

Nanga kwathu kuno? Apa mpamene ndikufuna timvetsetsane, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti poti tinayamba kuvota mu 1994, ndiye kuti chilichonse tikhoza kuchivotera. Makolo athu ambiri a ku Zóbuè anali ku Mwanza monga othawa nkhondo pamene aMalawi anachita riferendamu yao pa 14 Juni 1993, ija ya nyali ndi tambala wakuda, ndipo mpaka lero amaisimba ngati anaponya nao. Koma Mozambique chilandirire ufulu mu 1975 sanachitepo riferendamu ngakhale imodzi. Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 136, amailola ndithu, koma khomo lake ndi lopapatiza. Ayenera kuyambitsa ndi aphungu osachepera gawo limodzi mwa magawo atatu a Nyumba ya Malamulo, nyumbayo ivomereze ndi mavoti opitirira theka la aphungu onse 250, kenaka Pulezidenti ndiye alamule. Munthu wamba, ngakhale atasonkhanitsa maina odzaza thumba la makala, alibe njira yoitanitsira riferendamu. Ndipo ndime yomweyo imatseka nkhani zina kuti zisapite konse ku riferendamu, mwa izo muli za misonkho ndi bajeti ya boma. Choncho voti ya msonkho wa mowa, monga malamulo alili lero, kuno kulibe.

Koma tiyeni tiyerekeze kuti ikanakhalapo. Bokosi laikidwa pa sukulu ya pulaimale, mwalowa, mwapatsidwa pepala. Mukanachonga pati?

Ine ndikanayamba ndafunsa kuti msonkhowo ukupita pa mowa uti. Msonkho umene boma limadula pa mowa, fodya ndi zinthu zina zotere umatchedwa Imposto sobre Consumos Específicos, mwachidule ICE. Saulipira mwini baraka, saulipiranso womwa pa kauntala. Umalipiridwa ndi fakitale mowa ukamatuluka pa geti, kapena ndi woitanitsa katundu akamadutsa pa alifandega, ndipo iwowo amauika mu mtengo kuti ufike kwa inu ndi ine. Kuyambira mu 2017 boma linayamba kukakamiza kuti mabotolo a vinyo ndi a mowa waukali azikhala ndi kasitampa kosonyeza kuti msonkho walipiridwa. Ndiye kunena kuti msonkho umenewu umadziwa mowa wokhawo umene uli ndi fakitale, dzina ndi mapepala. Mowa wopanda mapepala sauona n'komwe.

Tsono yendani nane pa mseu wa N7 kuchokera ku Moatize mpaka ku Zóbuè, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, muwerenge malo omwera. M'tauni, pafupi ndi kumene amatsikira anthu ogwira ntchito ku migodi ya malasha, mupezadi makireti a 2M, Manica ndi Laurentina. Chiyambire kukumba kwa Vale mu 2011, mgodi umene unagulitsidwa kwa Vulcan mu 2022, ndalama ya pa mwezi yachuluka m'matumba a anthu ena, ndipo mabaraka anamera ngati bowa. Amenewo msonkho ukhoza kuwapeza. Koma mukangotuluka m'tauni, mowa umene anthu ambiri amamwa uli mu mgolo kuseri kwa nyumba. Ndi kachasu wa gaga ndi shuga, kapena wa masau m'nyengo yake, wotchezedwa usiku ndi mpope wodutsa m'madzi ozizira, woyezedwa ndi velemoti. Ndi pombe ndi kabanga wa pa maliro, pa chinamwali ndi pa dima. Palibe sitampa imene inamatidwapo pa chipanda. Mukakweza mtengo wa botolo, bambo amene ndalama yake yaperewera sapita kunyumba kukamwa tiyi. Amangodumpha mseu n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kwa mai wotcheza.

Anthu a m'chigawo chino cha Tete sitifunika kuuzidwa ndi mlendo za kuopsa kwa mowa umene palibe wouyang'anira. Pa 9 Januwale 2015, ku Chitima m'boma la Cahora Bassa, anthu ochokera ku maliro anamwa pombe. Anamwalira 75, mwa iwo mai yemwe anafulula mowawo, ndipo odwala onse anapitirira 200. Dziko linakhala pa chisoni masiku atatu. Mukumbukira mphekesera zimene zinawanda masiku amenewo, zakuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Akatswiri atapima anapeza kuti sinali ndulu. Anali poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi tizilombo tina timene tinamera mu ufa wa chimanga woonongeka umene anafululira. Sindikunena kuti msonkho ndiwo unapha anthu a ku Chitima, ai ndithu, anthu amamwa pombe pa maliro chikhalire. Ndikungoti kumeneko ndiko kumene mowa wa anthu ambiri uli, kumene woyendera zaumoyo safika, ndipo lamulo lililonse lokankhira anthu ambiri kumeneko liyenera kuganiziridwa kawiri.

Boma lenilenilo linaiona nkhani imeneyi kalekale, ndipo linachita zosiyana ndi zimene amai athu akupempha. Mu 2011 kampani ya Cervejas de Moçambique inayamba kufulula mowa wa chinangwa wotchedwa Impala ku Nampula, ndipo pa nthawiyo boma linaudula msonkho wa 10 pa 100 pamene mowa wina wa m'botolo unkalipira 40 pa 100. Zifukwa zinali ziwiri, kuti alimi a chinangwa apeze msika, ndiponso kuti womwa kachasu akopeke ndi botolo lotsika mtengo limene lapimidwa. Kaya anthu anasiyadi kachasu, kaya anangoonjezera Impala pamwamba pa kachasu, weruzani nokha poona anansi anu. Koma dziwani kuti m'dziko muno msonkho wa mowa unatsitsidwapo dala.

Ku Zóbuè nkhaniyi ili ndi mwendo wina. Kumeneko malire ndi mzere wa pa mapu chabe. Anthu amalima mbali ino n'kukagulitsa tsidya lija, maliro amodzi amasonkhanitsa maiko awiri, ndipo pa galimoto lililonse loima pa geti kudikira mapepala pali njinga zingapo zodutsa njira za m'tchire. Katundu amatsata mtengo monga madzi atsata chigwa. Pamene Malawi anagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, munthu wa metikali m'thumba anapezeka kuti akugula zambiri ku Mwanza kuposa kale. Mowa nawo ndi katundu. Maputo akakweza msonkho Lilongwe osakweza, makatoni adzalowera kuno. Lilongwe akakweza, adzatulukira uko. AMalawi nawo anayamba kumata masitampa a msonkho pa mowa mu 2024, koma sitampa imagwira ntchito pa geti, ndipo wa njinga sadzera pa geti.

Anansi athu anayesanso njira ina, yoletsa m'malo mokweza. Zambia inaletsa timapaketi ta mowa waukali totchedwa tujilijili mu 2012. Malawi analetsa masacheti mu 2015, patapita nthawi aphunzitsi ndi makolo akudandaula kuti ana akulowa nawo m'kalasi ali m'thumba la kabudula. Aliyense wopita ku Mwanza akudziwa chimene chinatsatira. Mowa womwewo unasamuka m'pepala n'kulowa m'timabotolo ta pulasitiki. Kuno nakonso tinali ndi lamulo la 2013, Decreto 54/2013, loletsa kugulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18 ndi pafupi ndi sukulu, ndipo mu 2025 boma linabweretsa lina lokhwima m'malo mwake, polimbana ndi timowa totchipa timene anzathu a ku Maputo amati xivotxongo. Malamulo tili nawo, abale. Funsani mwana wa sitandade 7 ngati anabwezedwapo pa baraka atatumidwa botolo ndi amalume ake.

Mwina pofika apa mukuti mwana wa pa wailesiyu wagulidwa ndi eni mabaraka. Ai, pepani. Pepala lija ndikanachonga kuti inde, koma inde wa mtundu wina, ndipo nachi chifukwa chake.

Chimene chikupha anyamata athu m'mabairro a Moatize si botolo la theka la lita limene munthu amakhala nalo ola lathunthu akuonera mpira. Ndi kabotolo kakang'ono kaja kolowa m'thumba la malaya. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mowa wamba wa m'botolo ukali wake umakhala cha m'ma 5 pa 100, choncho mu theka la lita muli mamililita 25 a ukali weniweni. Kabotolo ka mamililita 200 ka mowa wa 40 pa 100 kali ndi mamililita 80. Ndiye kuti kabotolo kamodzi kakuposa mabotolo atatu aakulu, pamene mtengo wake nthawi zambiri sufika pa mtengo wa atatuwo. Mnyamata wonyamula katundu pa siteji sagula kukoma, amagula kuledzera, ndipo masamu amenewa amawadziwa bwino kuposa ife ophunzira.

Msonkho wowerengera pa mtengo wa botolo umaluma kwambiri mowa wodula, umene amamwa mabwana m'mahotela a ku Tete, n'kungokanda pang'ono mowa wotchipa. Msonkho wowerengera pa ukali umene uli m'botolo ndiwo umagwira kabotolo kaja pakhosi. Ku Scotland anapita patsogolo pena. Kuyambira mu Meyi 2018 anaika mtengo wotsikitsitsa umene wogulitsa sangatsike kupitirira apo pa muyeso uliwonse wa ukali, mapeni 50 poyamba, ndipo mu 2024 anaukweza kufika pa 65. Mowa wodula sunasinthe mtengo, wotchipa waukali ndiwo unakwera. Timabotolo timeneti tili ndi mafakitale, tili ndi maina, tili ndi malole otibweretsa. Msonkho ukhoza kutipeza, kusiyana ndi mgolo wa kachasu. Ena adzathawira ku kachasu ndithu, sindikana. Koma mwana wa sukulu sanyamula velemoti m'chikwama monga anyamulira kabotolo kotsekedwa bwino, ndipo mai wotcheza m'mudzi amadziwa kuti uyu ndi mwana wa auje, pamene shelefu ya mu shopu sidziwa munthu.

Chachiwiri chimene ndikanafuna chilembedwe pa pepalalo ndi kumene ndalama zikupita. ICE yense amatoleredwa ndi Autoridade Tributária n'kulowa m'thumba limodzi la boma ku Maputo. Wovulala pa ngozi ya njinga yamoto Loweruka usiku amagonekedwa kuno, mai womenyedwa amakadandaula ku polisi ya kuno, mwana wosiya sukulu ndi wa kuno. Anthu a Moatize tikudziwa kale kuwawa kwa kuona sitima zodzaza malasha zikupita ku Nacala ndi ku Beira ife tikupukuta fumbi pa mbale. Tisaonjezerepo msonkho wina woti tiziupereka osaona kumene wagwera. Wokweza msonkho wa mowa anene poyera kuti gawo lakuti lipita ku zipatala za m'maboma ndi ku chithandizo cha anthu ofuna kusiya mowa, ndipo chaka chikatha atiwerengere.

Tsono poti bokosi kulibe, titani? Pali zitseko zina zimene sitigogoda. Ndime 79 ya malamulo aakulu omwe aja imapatsa nzika iliyonse ufulu wopereka chikalata cha pempho kapena dandaulo kwa olamulira, ndipo Nyumba ya Malamulo ili ndi komiti yake yolandira zikalata zotere. Musachepse njira imeneyi. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja kwa amai, Lei 29/2009, silinagwe kumwamba. Mabungwe a amai monga Fórum Mulher ndiwo analikankha kwa zaka mpaka aphungu analivomera. Lamulo la 2014 lopatsa anthu ufulu wodziwa zimene boma likuchita linayamba ndi atolankhani. Onsewa analibe riferendamu. Anali ndi mapepala, miyendo ndi khama. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo aphungu oimira chigawo cha Tete sangayambe okha nkhani imene palibe wawabweretsera.

Chitseko china chili pafupi kwambiri. Munisipiyo ya Moatize, imene ilipo kuyambira mu 1998, singasinthe ICE, koma ndiyo imapereka ziphaso za malonda ang'onoang'ono ndi kutolera ndalama za m'misika ndi za mabaraka m'dera lake. Ikhoza kufunsidwa chifukwa chake baraka la mowa lapatsidwa malo moyang'anana ndi geti la sukulu. Ikhoza kufunsidwa kuti mabaraka ogulitsa mowa alipo angati m'bairro lililonse, ndi angati ali ndi chiphaso, ndipo ndi angati anatsekedwapo chifukwa chogulitsa kwa ana. Misonkhano ya Assembleia Municipal ndi yapoyera, munthu aliyense akhoza kukakhala kumbuyo n'kumvetsera. Kunena zoona mipando ya kumbuyoko imakhala yopanda anthu, pamene pa lamya za pa wailesi timachita kulimbirana.

Anthu a ku Zóbuè munisipiyo siwafika, poti kwao ndi posto ya boma la Moatize. Iwo njira yao ndi ya kwa mfumu, kwa mkulu wa posto ndi ku khonsolo ya alangizi imene imakhala pansi ndi boma. Ndipo kumeneko ndi kumene nkhani ya kachasu iyenera kukambidwa, chifukwa mfumu ndi yokhayo imene imadziwa nyumba iliyonse yotcheza. Ikambidwe mosamala. Amai ambiri otcheza ndi amasiye, kapena amene amuna awo anapita ku Joni osabwerako, ndipo mgolo umenewo ndiwo umagula makope ndi yunifolomu. Kuwatumizira apolisi kukaswa migolo n'kosavuta, koma mawa lake ana awo adya chiyani? Chimene mudzi ungagwirizane n'chakuti mowa usagulitsidwe kwa mwana, usayambe m'mawa anthu asanapite kumunda, ufa woola kapena wonyowa ndi madzi osefukira usalowe mu mgolo, ndipo wothira zinthu zachilendo kuti mowa ukalipe aitanidwe ku bwalo. Zoterezi sizifuna aphungu 250.

Kwa amai amene mwakhala mukuimba lamya, pempho langa ndi ili. Musalembe kuti mowa wonse ukwere, chifukwa chikalata chotero adzachiyankha ndi mau amodzi, akuti mukupha ntchito za anthu ndi msika wa alimi. Lembani za kabotolo kaja. Tchulani bairro, tchulani sukulu, tchulani mtengo umene mwana wanu amagulira, muyerekeze ndi mtengo wa buledi. Musainitse ku tchalitchi, ku mzikiti, ku chigayo ndi pa mjigo, ndipo pakhalenso maina a abambo, ngakhale amene amamwa, poti ambiri a iwo safuna ana awo adzafanane nao. Kope limodzi lipite kwa tcheyamani wa Assembleia Municipal, lina kwa mkulu wa boma la Moatize, lina kwa aphungu a chigawo chino, ndipo lina musunge nokha lili ndi chidindo chosonyeza tsiku limene analandira. Pakatha miyezi itatu osayankhidwa, bwerani nalo kuno ku tsamba lino tidzalisindikize ndi tsiku lakelo.